PhD ya sayansi ya ubongo: imayenda bwanji, nanga ikutsimphina pati?

Moni nonse amene mukuonera. Lero tione mmene munthu amaphunzitsidwira kuti apeze PhD, digiri yapamwamba ya kafukufuku, pa sayansi ya ubongo ndi mitsempha, ija amaitcha neuroscience.

Maphunzirowa si akale kwenikweni. Stephen Kuffler anayambitsa dipatimenti ya neurobiology (biology ya mitsempha) ku yunivesite ya Harvard ku America mu 1966, ndipo bungwe la Society for Neuroscience linakhazikitsidwa mu 1969. Kale wofuna kudziwa za ubongo ankalowera ku maphunziro a udokotala, physiology (kagwiridwe ntchito ka thupi) kapena psychology (kaganizidwe ndi khalidwe la munthu). Mpaka pano ophunzira amachokera kosiyanasiyana. Wina biology amaidziwa koma masamu amamuopsa, wina ndi katswiri wa kompyuta koma mbewa ya mu labotale sanaigwirepo.

Ku America, chaka choyamba chimakhala cha makalasi komanso kuzungulira malabotale angapo, miyezi iwiri kapena itatu pamalo amodzi, kenako wophunzira amasankha kokhazikika. Chakumapeto kwa chaka chachiwiri amayesedwa ndi komiti ya aphunzitsi, kuti afotokoze kafukufuku amene akufuna kuchita. Zonse zimatenga zaka 5 kapena 6. Ku Britain ndi zaka 3 kapena 4, ndipo ambiri amangolowa labotale imodzi, ngakhale mapulogalamu ena a zaka 4 amayamba ndi kuzungulira kuja. Ine kuzunguliraku ndimakuyamikira, chifukwa amene adzakuyang'anire kwa zaka zambiri ndi bwino kumuona kaye mmene amachitira zinthu zikalakwika.

Vuto limene limandidetsa nkhawa ndi ili: ophunzira amaphunzitsidwa bwino ntchito ya manja, monga kuchita opaleshoni pa mbewa ndi kugwiritsa ntchito maikulosikopu, koma saphunzitsidwa mokwanira kukayikira zimene apeza.

Mu 2013, Katherine Button ndi anzake anaunika kafukufuku wambiri wa ubongo. Anapeza kuti mphamvu ya kafukufuku wapakatikati inali pafupifupi 21 peresenti. Izi zikutanthauza kuti ngakhale chimene mukufufuzacho chilipodi, mwayi woti muchione ndi umodzi mwa isanu basi. Chifukwa chake n'chakuti nyama kapena anthu oyezedwa amakhala ochepa. Choipa kwambiri, kafukufuku wochepa chonchi akati wapeza kanthu, nthawi zambiri amakakulitsa kuposa mmene kalili.

Mu 2011, Sander Nieuwenhuis ndi anzake anaonetsa cholakwika china. Tinene kuti mankhwala aonetsa kusintha pa gulu loyamba la mbewa, pa gulu lachiwiri sanaonetse. Wofufuza n'kulemba kuti mankhwalawo amagwira mosiyana pa magulu awiriwo, koma asanawayerekezere mwachindunji. Mwa mapepala a m'magazini otchuka amene anafunika kuyerekezera kotere, pafupifupi theka analakwitsa. Wophunzira amatengera zotere kwa amene anamutsogolera mu labotale, nayenso n'kudzapatsira wobwera pambuyo pake.

Pamenepo n'kuti deta, manambala ochokera pa zoyeza, ikungochulukirabe. Kachipangizo ka Neuropixels, kamene kanatuluka mu 2017, kamayeza mauthenga a magetsi a maselo a ubongo mazanamazana nthawi imodzi. N'chifukwa chake sukulu ya pa intaneti ya Neuromatch Academy, imene inayamba mu 2020, inakopa ophunzira ochuluka ochokera m'mayiko ambiri: ankafuna masamu ndi luso lolemba mapulogalamu a kompyuta zimene sankazipeza kumene ankaphunzira.

Nanga tikonze bwanji? Kalasi imodzi ya statistics, masamu osanthulira deta, m'chaka choyamba siikwanira, chifukwa nthawi imeneyo wophunzira alibe deta yakeyake. Phunziroli libwerenso m'chaka chachitatu, munthu ali ndi manambala ake m'manja. Asanayambe kuyeza, alembe kuti afuna nyama zingati ndiponso adzasanthula motani. M'komiti yake mukhale mmodzi wodziwa masamuwa, ndipo chaka chilichonse wophunzira apatsidwe mpata wolankhula ndi komitiyo womuyang'anira atatuluka.

Chovuta kwambiri kusintha ndi lamulo la mayunivesite ena lakuti munthu samaliza asanasindikize pepala m'magazini ya sayansi. Magazini amakonda zotsatira zochititsa chidwi, ndiye wophunzira amene ndalama zikumuthera amakakamizika kufinya deta mpaka itulutse kanthu. Ngati anakonza kafukufuku wake bwino n'kupeza kuti zimene ankaganiza si zoona, komiti iziwerengera ntchitoyo kuti ndi yokwanira PhD.