Musanadalire pulogalamu ya open source, werengani anthu oisamalira

Zikomo a tcheya, zikomo nonse amene mwafika, ena kuchokera ku Area 25, ena ku Kawale ndi ku Likuni. M'chipinda muno muli olemba khodi, oyang'anira makompyuta m'mabungwe, komanso azaumoyo amene mwezi ndi mwezi amalowetsa malipoti mu DHIS2. Pulogalamu imeneyi ndi ya open source, khodi yake ili poyera, ndipo imatsogoleredwa ndi University of Oslo ku Norway. Mapulogalamu otere tikuwadalira tonse. Ndiye musanamange ntchito yanu pa pulogalamu ina, mudziwa bwanji kuti eni ake oisamalira akadalipo, ndipo sanatope?

Ambiri amathamangira kuona nyenyezi za pa GitHub, webusayiti yosungirako khodi, zimene anthu amadina akaikonda pulogalamu. Zimenezo zisiyeni. Munthu amadina nyenyezi kamodzi n'kumapita, ndipo imakhalabe pomwepo ngakhale pulogalamuyo itasiyidwa kalekale. Miyezo yodalirika imasonkhanitsidwa ndi gulu la CHAOSS, lomwe linayamba mu 2017 pansi pa Linux Foundation. Ili nayo yambirimbiri, koma poyambira amalangiza inayi yokha.

Woyamba, umene ine ndimauona wolemera kuposa yonse: ndi anthu angati, ochepetsetsa, amene akuchita theka la ntchito? Zili ngati mjigo wa pamudzi umene wodziwa kuukonza ndi mmodzi. Madzi amatuluka bwinobwino mpaka tsiku limene mkuluyo wasamukira ku Joni. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Koperani repository (nkhokwe ya khodi ya pulogalamuyo) pa kompyuta yanu, mulowemo, mulembe git shortlog -sn --since="12 months ago". Mupeza mndandanda wa maina, aliyense ndi ma commit ake (zosintha zimene analowetsa mu khodi), wochuluka ali pamwamba. Tiyerekeze onse pamodzi akwana 400. Theka ndi 200. Woyamba ali ndi 170, wachiwiri 60, pamodzi 230, mwadutsa kale theka. Yankho ndi anthu awiri. Likakhala mmodzi, pamenepo khalani tcheru.

Apa ndi pomwe ambiri amasokera. Munthu mmodzi akhoza kuoneka katatu chifukwa analemba dzina lake mosiyana pa imelo ya kuntchito, ya kunyumba ndi ya pa laputopu yakale, inu n'kumati ndi anthu atatu. Onjezerani -e pa lamulolo kuti ma imelo aoneke, kenako muwaphatikize mu fayilo ya .mailmap, imene imauza git kuti ndi munthu mmodzi. Chotsaninso ma bot (mapulogalamu osintha khodi paokha) monga Dependabot, poti nthawi zina amatsogola pa mndandanda pamene si anthu. Ndipo commit siiyeza kukula kwa ntchito: wokonza kalembedwe ka mawu makumi awiri akhoza kuposa amene anathera mwezi pa vuto limodzi lovuta. Choncho muonenso amene ali ndi mphamvu yovomereza khodi ndi yotulutsa release (mtundu watsopano wa pulogalamuyo). Mukatero, bwerezani masamu omwewo powerenga makampani m'malo mwa anthu. Anthu khumi olembedwa ntchito ndi kampani imodzi amachoka tsiku limodzi ndalama zikatha, ndipo ife kuno tikudziwa zimene zimachitika pulojekiti ya madona ikatsekedwa.

Mu April 2014 kunapezeka vuto la Heartbleed mu OpenSSL, khodi imene inkateteza mawebusayiti osawerengeka padziko lonse. M'pamene dziko linazindikira kuti oisamalira anali ochepa zedi, ndipo zopereka zinali pafupifupi madola 2,000 pachaka. Ogwiritsa ntchito anali mamiliyoni, koma owerenga oisamalira analipo ochepa.

Muyezo wachiwiri ndi nthawi imene imapita munthu asanayankhidwe koyamba. Tengani ma issue (mavuto kapena mafunso amene anthu alemba) ndi ma pull request (khodi imene munthu wapempha kuti ilowe) 30 aposachedwa. Pa chilichonse lembani tsiku lotsegulidwa ndi tsiku limene munthu weniweni anayankha, osati uthenga wa makina wothokoza uja. Musatenge avareji. Mafunso 9 akayankhidwa pa tsiku limodzi, limodzi n'kukhala masiku 300, avareji ikupatsani masiku pafupifupi 31, zomwe sizikufanana ndi zimene anthu ambiri anakumana nazo. Ndandalikani manambala kuyambira yaing'ono, mutenge ya pakati. Masiku awiri ogwira ntchito ndi mulingo wabwino. Koma chenicheni n'kupatula alendo pa eni nyumba. Pali magulu amene amayankhana okhaokha m'mphindi zochepa, pamene mnyamata wa kuno amene wagula bandulo ndi ndalama yake n'kutumiza pull request yoyamba amadikira miyezi. Ameneyo sabweranso, ndipo gulu limene silikusunga alendo likukalamba ngakhale manambala ena aoneke okongola.

Iwiri yotsalayo ndidutsa msanga. Yerekezani ma pull request otsegulidwa ndi otsekedwa mwezi uliwonse: otsegulidwa akamaposa kwa miyezi ingapo motsatizana, oisamalira akulephera kunyamula katundu. Kukana pull request mwaulemu n'kuitseka kumawerengedwa ngati thanzi, kuisiya chete ndiye matenda. Wachinayi ndi ma release. Laibulale (khodi imene mapulogalamu ena amagwiritsa ntchito) yaing'ono yokhwima ikhoza kutha chaka osatulutsa kanthu, palibe vuto. Chofunika n'kuona kuti vuto la chitetezo litanenedwa, panapita masiku angati lisanakonzedwe.

Tsono manambala musawapembedze. Mu March 2024 Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft, anadabwa kuona kulowa kwa SSH (njira yolowera mu kompyuta ya kutali) kukuchedwa ndi theka la sekondi. Atafufuza anapeza khomo lachinsinsi mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1, pulogalamu yochepetsa kukula kwa mafayilo. Woisamalira, Lasse Collin, anali yekha kwa zaka zambiri ndipo anali atanena poyera kuti watopa. Munthu wina wotchedwa Jia Tan anathandiza kwa zaka zoposa ziwiri mpaka anapatsidwa makiyi, n'kubisamo khodi yoipa. Pa tchati zikanaoneka ngati pulogalamuyo yapeza bwino, poti oisamalira awonjezeka ndipo ma commit achuluka. N'chifukwa chake mukatha kuwerenga manambala, muwerengenso zokambirana zenizenizo: akulankhulana bwanji, ndani akukakamiza mnzake, ndani amaunika khodi ya mnzake isanalowe.

Kwa ife a ku Lilongwe pali vuto lina lathulathu. Zokambirana zathu zambiri zimathera pa WhatsApp, kumene zida zoyezera zimenezi monga GrimoireLab ndi Augur siziona. Mayi amene amayankha mafunso a ogwiritsa ntchito usiku uliwonse, kapena bambo amene amamasulira pulogalamu m'Chichewa, saoneka pa git shortlog. Ngati pulogalamuyo ndi yanu, chilichonse chimene mwagwirizana pa gulupu chilembedwe mu issue tsiku lomwelo, ndi dzina la wochitayo. Muziyeza pa miyezi itatu iliyonse, kuyerekeza pulogalamu ndi mmene inalili kale, osati ndi ya ena. Ndipo chonde mabwana, manambalawa musamakwezere kapena kudzudzulira antchito, chifukwa mawa lake mudzaona commit imodzi itagawidwa pakhumi.

Amene muli ndi malaputopu, khalani atatuatatu. Gulu lililonse lisankhe laibulale imodzi imene ntchito yanu singayende popanda iyo, muyambe ndi muyezo woyamba uja. Ikakhala yaikulu, koperani pa laputopu imodzi yokha, intaneti ya muno isafooke.