Ndalama zosungira mbiri ya kumudzi kwanu zilipo, koma mugogode khomo liti?

Moni abale anga, takulandiraninso. Lero tiyambe ndi moto. Mu 1919 ofesi yaikulu ya boma ku Zomba inapsa, mapepala ambirimbiri a zaka zoyambirira za atsamunda anathera momwemo, ndipo archives yathu ya ku Zomba ija, malo osungirako zolemba zakale za dziko, inadzabwera mochedwa, mu 1947. Tsono taganizani, ngati mapepala a boma enieniwo anapsa chonchi, nanga buku la a gulupu lolembamo milandu ya malo lija, lili mu sutikesi kunsi kwa bedi chiswe chikulidya, akulisamala ndani?

Ndiye kunjaku kuli ma grant, ndalama za chithandizo zopulumutsira zolemba zakale ngati zimenezi. Odziwika kwambiri ndi a Endangered Archives Programme, ku British Library ku London, anayamba mu 2004 ndi ndalama za thumba la Arcadia. Ya pilot, yongofufuza kaye kuti kuli chani komanso zawonongeka bwanji, imafika mapaundi 15,000, yaikulu yojambula zonse imafika 60,000. Ndipo si nkhani ya kutali ayi, a National Archives kuno kwathu anapindulapo, anayenda m'maboma kusaka mabuku akale a mafumu a nthawi ya Nyasaland nkuwajambula tsamba ndi tsamba.

Malamulo awo ine amandisangalatsa. Mapepala enieniwo sachoka mdziko muno, chimapita ku London ndi kope ya pa kompyuta basi, ina imatsala konkuno, kenako amaika pa intaneti aliyense aone ulele. Koma ndalama sizibwera pa Mpamba yanu ayi, zimadzera ku bungwe, kaya yunivesite kaya archives, ndiye ngati muli nokha muyambe mwapeza bungwe loyenda nalo.

Apa pokha mvetsetsani, chifukwa ambiri amataya nthawi pomwepa. Iwowa amalipira kupulumutsa zinthu zomwe zilipo kale, zakalekale, osati kuti mutenge foni mukajambule agogo akufotokoza. Pomwe kwathu kuno mbiri yambiri ili m'kamwa. Agogo aja anapita ku Wenela, anakumba golide ku Joni, amakumbukira bwinobwino 1974 pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana nkupha amalawi oposa 70 a m'migodi, Kamuzu nkuletsa zopita ku Wenela, nkhani imeneyo m'mapepala ili mizere ingapo koma iwo akhoza kukuuzani amene anakwera nawo, amene sanabwerere, mkazi amene anatsala ndi ana kumudzi. Anthu amenewa akutha abale, maliro aliwonse tikukwirira nkhani zomwe palibe analemba, ine zimandipweteka zedi.

Khomo lina ndi Modern Endangered Archives Program ku laibulale ya yunivesite ya UCLA ku America, nayonso ndi ya Arcadia, iyi imalola zinthu zaposachedwapa, makaseti, zithunzi za mu studio ya pa boma, manyuzipepala ang'onoang'ono. Ndiye pali ELDP (Endangered Languages Documentation Programme), pano ili ku Berlin, imeneyi ndi ya zilankhulo zomwe zili pa chiopsezo ndipo imalipiradi zojambula anthu akulankhula. Mukaganiza za ku Chitipa, Chilambya, Chindali, Chisukwa, zilankhulo zoti m'mabuku a sukulu simuzipeza, nthano ndi mbiri ya mafumu zimalowa momwemo munthu akamalankhula chilankhulo chake.

Chinthu china chomwe fomu singakuuzeni bwino. Mwamva kuti zonse zimapita pa intaneti eti? Ndiye za kudambwe, za kutsimba, sizoti mwangojambula nkuponya poyera chifukwa mwalandira grant. Khalani pansi ndi amfumu, anamkungwi, eni nkhaniyo, muwauze mu chilankhulo chawo kuti mawu awo akamveka mpaka kunja, akakana mwasiya. Komanso mu bajeti muikemo yobwerera kumudziko ndi makope, anthu adzionere okha, osati ofufuza angotenga nkusowa.

Musanakhudze fomu iliyonse tengani kope ndi cholembera, lembani kuti mabuku alipo angati, a zaka ziti, akusunga ndani, anyowa kapena adyedwa potani, muwajambule ndi foni pomwe alipo osawasuntha. Mu vidiyo ikubwerayi tidzatenga kope yomweyo nkuona mmene mungalembere bajeti yake.