Makalata a omvera: mwana ayambe liti kugwira singano?

Tabweranso, omvera athu. Kalata yoyamba yachokera ku Ndirande, alemba ndi mayi wa ana atatu. Akuti: "Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 sakundipatsa mpata, akufuna ndimuphunzitse kusoka pa makina anga a Singer opalasa ndi mapazi. Sabata yatha anakhalapo ine ndili kumsika. Pobwera ndinapeza singano yathyoka, ulusi wapiringizana ku bobini. Ndimuletse?"

Mayi, musamuletse ayi, koma makinawo ayambe adikira. Mpatseni kaye singano yapamanja ndi tizidutswa ta chitenje timene timatsala mukadula. Ayambe ndi kubwezeretsa batani pa yunifolomu yake, kenako kupinda m'mphepete mwa kampango. Msokowo udzakhala wokhotakhota. Musamuseke, ndipo musaumasule iye akuona.

Ikafika nthawi ya makina, chotsanimo ulusi wonse. Muikireni pepala la m'kope, azipalasa singano ikuboola motsata mzere. Vuto lenileni lili kumapazi: mwana akaphonya kapalasidwe, gudumu limabwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka kapena kupiringizana monga munaoneramo. Azitembenuza gudumu ndi dzanja lamanja kulozetsa kwa iye, mapazi n'kulandira. Zala zitalikire singano. Ine chipsera ndili nacho pachala chamkombaphala mpaka lero, ndinachipeza ndili Sitandade 6 pamakina a azakhali, ndinakhalapo mobera ngati mwana wanuyo.

Ina yachokera ku Bangwe. Bambo akudandaula kuti mnyamata wawo wa Fomu 2 akumaswera kwa telala Loweruka lililonse, ndipo anzake akumuseka kuti ndi ntchito ya akazi.

Bambo, tayendani mu Limbe muone amene akhala pamakina m'makonde a masitolo. Ambiri ndi abambo anzanu, ndipo sukulu zikamatsegulidwa mu Seputembala, mayunifolomu amawachulukira mpaka kusoka usiku. Msiyeni mwanayo, bola sukulu isafe. Akadzamaliza, TEVETA ili ndi maphunziro a zosoka m'makoleji a ntchito zamanja.

Chimene ndingakupempheni, pitani mukaonane naye telalayo. Atelala ena amangomusandutsa mwana wotumikira, kusita zovala ndi kukagula mazipi kumsika, chaka n'kutha asanakhudze sizasi. Mugwirizane maola, ndipo mufunse kuti adzayamba liti kumuonetsa kuyeza ndi tepi ndi kudula.

Timvere kaye nyimbo, tikabwera tiwerenga ya ku Chilomoni.