Makalata a Omvera: Mdzukulu Walowa Chipani cha Chitaganya

Nthawi ija yakwana, amayi ndi abambo, nthawi ya makalata anu. Sabata yatha tinacheza za ndale za ku Britain, poti ambirife tili ndi ana ndi abale kumeneko, ndipo chipani cha Conservative ndinangochitchula modutsa. Sindinadziwe kuti ndaputa mavu nkhomola. Makalata abwera mulu, ena pa WhatsApp, ena pa mapepala ong'amba m'kope la mwana wasukulu. Inu ong'amba makope a ana, ndakuonani.

Tiyambe ndi yaifupi. Mnyamata wina wa ku Mzuzu akufunsa ngati Tory ndi Conservative ndi zipani ziwiri. Ayi achimwene, ndi munthu mmodzi wa mayina awiri. La Tory linayamba ngati chipongwe cha m'ma 1680. Ndi mawu a ku Ireland onena za chigawenga chothawathawa lamulo, ndipo adani awo ndiwo ankawatchula choncho. Mukudziwa dzina lachipongwe, ukamalikwiyira ndi pamene limakukanirira, ndiye eni ake anangolitola nkulivala. La Conservative linabwera m'ma 1830, nthawi ya mtsogoleri wawo Robert Peel, ndipo likunena za anthu osunga zomwe anazipeza.

Mayi wina wa ku Leicester akufunsa ngati Mmalawi angavote ku Britain. Inde mayi, ngati mukukhala kumeneko mwalamulo, chifukwa Malawi ali mu Commonwealth. Kalembetseni, musamangodandaula m'khitchini.

Tsopano ndipatseni mpata, chifukwa kalata iyi ndaiwerenga katatu ndisanabwere muno. Yachokera ku Nkhata Bay, yolembedwa pamanja, ndipo cholembera chinkatha inki cha kumapeto. Akuti:

"Bambo muulutsi, ine ndine munthu wamkulu, zaka zanga zayandikira 80. Mu 1959 ndinali mnyamata. Ndikukumbukira kulira kwa mfuti cha ku doko, amayi atatigoneka pansi kuseri kwa nkhokwe. Khadi la Congress la bambo anga amayi analibisa mu udzu wa denga, ndipo linakhala momwemo mpaka chiswe chinadya ngodya imodzi. Lero mdzukulu wanga wamkazi, yemwe fizi yake inachokera mu usipa wanga, ndi namwino ku England. Wanditumizira chithunzi atavala kariboni kabuluu pachifuwa, akugawa timapepala khomo ndi khomo. Akuti walowa chipani cha Conservative. Kodi si chipani chomwechi chinatibweretsera Chitaganya? Miyezi iwiri tsopano sindikuyankha foni yake. Ndiuzeni ngati ndalakwa."

Agogo, choyamba zikomo. Chichewa chanu chaposa changa, chonsecho ndikukhulupirira kunyumba mumayankhula Chitonga.

Pa mbiri simunaphonye. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa mu 1953, nduna yaikulu ali Winston Churchill wa Conservative, ndipo amene anaikankha nkhaniyo anali Oliver Lyttelton, nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain. Zokambirana zinayamba boma likadali la Labour, izi tinene kuti tisanamizire mbali imodzi, koma amene anatseka makutu anthu akuda atakana anali a Conservative. Mafumu athu anapita ku London chaka chomwecho kukadandaula kwa Mfumukazi, sanaloledwe kuonana nayo. Inkosi Gomani inachotsedwa pampando chifukwa chokana Chitaganya. Ndipo pa 3 March 1959, tsiku lomwe inu munagona kuseri kwa nkhokwe, nduna yaikulu anali Harold Macmillan, wa chipani chomwechi. Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza Emergency, Kamuzu anatengedwa kupita ku ndende ya Gwelo, ena anasungidwa mu sitima ya Mpasa pa doko lanulo, ndipo anthu 51 anafa m'dziko muno m'masiku amenewo. Woweruza Patrick Devlin atatumidwa kudzafufuza, analemba mu July 1959 kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Boma la Macmillan linakana mfundo zikuluzikulu za lipotilo, aphungu ake nkuimika manja kumbuyo kwa boma lawo. Mukamamva kuwawa poona kariboni kabuluu, palibe angakuuzeni kuti mukulota.

Koma nkhani sinathere pa doko, agogo. Macmillan atapambana chisankho cha October 1959, anaika munthu wina pa udindo uja wa nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain, Iain Macleod. Mu January 1960 Macmillan anafika yekha ku Blantyre, ndipo anthu anamulandira ndi zikwangwani panja pa hotela ya Ryall's. Patapita masiku ochepa, pa 3 February, anaima m'nyumba ya malamulo ku Cape Town nkuuza azungu a kumeneko kuti mphepo ya kusintha ikuomba mu Africa, afune asafune. Pa 1 April 1960 Macleod anatulutsa Kamuzu m'ndende, Roy Welensky, nduna yaikulu ya Chitaganya, akukana, bwanamkubwa naye akukayika. M'chipani mwake momwe munabuka mkangano. Lord Salisbury anamunyoza Macleod poyera kuti ndi wochenjeretsa, ndipo ena okwiya anayambitsa kagulu kawo kotchedwa Monday Club mu 1961 kotsutsa kuthamangira kupereka ufulu. Mu December 1962 nduna ina ya boma la Macmillan, Rab Butler, inavomereza kuti Nyasaland ituluke, Chitaganya chinatha pa 31 December 1963, ndipo pa 6 July 1964 mbendera yathu ikukwera, nduna yaikulu ku London anali Alec Douglas-Home. Chipani chake? Chomwecho.

Ndiye amene anamanga Chitaganya ndi amene anachigwetsa ankavala kariboni ka mtundu umodzi.

Musandimve molakwa. Sindikuti chisoni chinawagwira. Anawerengera nkuona kuti kugwira dziko ndi mfuti kuwadyera zambiri, ndipo amene anawaphunzitsa masamu amenewo ndi anthu ngati bambo anu ndi aja anagwa pa doko. Chomwe ndikunena nchakuti ili ndi khalidwe la chipanichi kuyambira kale. Inu a kunyanja mumalidziwa bango: mwera ukakula limawerama, ukadutsa limadzuka pamalo pomwepo. Peel uja, mu 1834, analembera ovota a ku Tamworth kalata yovomereza kusintha kwa malamulo a chisankho komwe chipani chake chinali chitakana zaka ziwiri m'mbuyomo. Mu 1846 anachotsa malamulo oika msonkho pa tirigu wochokera kunja, omwe ankalemeretsa eni minda ikuluikulu, anthu ake enieni, ndipo chipani chinang'ambika pakati. Benjamin Disraeli, yemwe anamuukira Peel pa nkhaniyo, ndi yemwe mu 1867 anatsogolera lamulo lopatsa voti amuna ambiri ogwira ntchito m'matauni. Amakana, amakana, kenako amachita okha chomwe ankakanacho, mpando nkukhalabe wawo.

Tsopano ndikudzudzuleni pang'ono, mwaulemu, monga mwana wanu. Miyezi iwiri, agogo? Mwana ali kutsidya kwa nyanja, kunja kukuzizira, akuimba foni kwa agogo ake ndipo ikungolira? Kodi nkhani ya khadi la m'denga munamuuzapo? Ambirife timakwiyira ana chifukwa chosadziwa zinthu zomwe ifeyo sitinawauze. Iye akuona chipani chomwe mu 2022 chinatsogoleredwa ndi Rishi Sunak, yemwe bambo ake anabadwira ku Kenya ndi mayi ake ku Tanganyika, ndipo mu November 2024 chinasankha Kemi Badenoch, mayi wokulira ku Lagos. Inu mukuona doko la 1959. Nonse muli ndi maso. Ndipo ngati mukufuna funso lomutsina nalo khutu, ndikubwerekeni ili: boma la chipani chakecho, mu March 2024, linaletsa obwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba kubweretsa mabanja awo. Mufunseni kuti anzake a m'timapepalawo amati chiyani pamenepo. Mukangane, mudye nthawi ya pa foni, koma muyankhe.

Ndimwe madzi kaye.

Aphunzitsi ena a ku Dedza akufunsa kuti chipanichi chimayendetsedwa bwanji. Aphunzitsi, ganizirani mafuwa atatu. Fuwa loyamba ndi aphungu a ku nyumba ya malamulo ya Westminster. Lachiwiri ndi nthambi za m'madera, komwe kuli anthu wamba olipira umembala, ogogoda m'makomo ndi osankha woimira dera lawo. Mdzukulu wa agogo aja ali pamenepo. Nthambizi zinalumikizidwa pamodzi mu 1867. Lachitatu ndi likulu la ku London la anthu olembedwa ntchito, lomwe linayamba mu 1870. Kwa zaka zoposa 100 mafuwawa ankangoyandikana popanda lamulo limodzi, mpaka mtsogoleri wawo William Hague mu 1998 anawaika pansi pa malamulo amodzi ndi bodi imodzi. Dzina lonse ndi Conservative and Unionist Party, kuchokera mu 1912 pomwe anaphatikana ndi a Liberal Unionist, omwe ankakana kuti Ireland ikhale ndi boma lakelake.

Za mtsogoleri ndiye zimandiseketsa. Mpaka 1965 kunalibe kuvota. Akuluakulu ankanong'onezana m'zipinda, mawa lake nkumva kuti uje ndiye mtsogoleri, ngati momwe ankhoswe amatulukira m'nyumba atamaliza kale zonse. Edward Heath ndiye woyamba kusankhidwa ndi aphungu. Kuyambira nthawi ya Hague, aphungu amasefa mpaka atsale awiri, mamembala nkusankha mmodzi. Ndipo pali komiti ya aphungu opanda maudindo, yotchedwa 1922 Committee, ngakhale inayamba mu 1923. Wapampando wake ali ngati ine: ntchito yake ndi makalata. Kusiyana kwake nkwakuti ine ndimawerenga zomwe zalembedwamo, iye amawerenga kuti afika angati. Phungu akatopa ndi mtsogoleri amalemba kalata mwachinsinsi, ndipo makalata akakwana pamakhala voti. Mu June 2022 anafunika 54, anakwana, Boris Johnson anapulumuka ndi mavoti 211 kwa 148, koma patangotha mwezi analengeza zotula pansi udindo.

Izi zandifikitsa pa makalata asanu ndi limodzi omwe onse akunena chimodzi. Wina wa ku Johannesburg walemba kuti, "Anthu amenewa alibe ulemu, amasintha atsogoleri ngati malaya." Wina wa ku Chipata akuti ndi chipani cha achiwembu. Nzoona, kuchokera mu 2016 kufika mu 2022 anadutsa Cameron, May, Johnson, Truss ndi Sunak. Ngakhale Margaret Thatcher, yemwe anawapambanira zisankho zitatu, 1979, 1983 ndi 1987, aphungu ake omwe ndiwo anamugwetsa mu 1990.

Koma abale anga, inu nomwe mukulemba izi ndinu mumandilembera sabata ndi sabata kudandaula za tcheyamani wa komiti ya mjigo yemwe wakhalapo kuyambira mjigowo ukukumbidwa. Za msungichuma wa banki m'khonde yemwe kope lake palibe analionapo. Za mkulu wa kwaya yemwe mawu anatha kalekale koma palibe wolimba mtima womuuza. Kwathu kuno kunena kuti wamkulu watopa kuli ngati kutukwana makolo, ndiye timanyinyirika pa chitsime, pamsonkhano nkuomba m'manja. Mjigo ukafa timati satana. Ine amene ndikuyankhulane ndinakhalapo mlembi wa komiti ina zaka zisanu ndi zitatu, ndipo tsiku lomwe ndinatula pansi anthu anasangalala mwakuti ndinachita manyazi. Palibe anandilembera ngakhale kapepala kamodzi.

Si kuti a ku London aja ndi angelo. Mu 2022 mamembala pafupifupi 172,000 ndiwo anali ndi mwayi wosankhira dziko lonse nduna yaikulu, chipani chomwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 chinali ndi mamembala oposa 2 miliyoni. Anasankha Liz Truss, yemwe anakhala masiku 49 okha. Nyuzipepala ina inaika letesi pa kamera kuti aone chiyambe kufota nchiyani, ndipo letesi anapambana. Pa 4 July 2024 ovota anawasiyira mipando 121 mwa 650, kugwa komwe chipanichi sichinakuonepo chiyambire.

Mtsikana wina wa ku Zomba akufunsa ngati Thatcher anabwerapo kuno. Anabwera mu 1989, mwana wanga, funsa amayi ako.

Bambo wina wa ku Mchinji akufunsa kuti ine ndikanakhala ku Britain ndikanavotera ndani. Bambo, ine ngakhale mayi a kunyumba sadziwa komwe ndimachonga.

Nthawi yatithera, mnzanga wa pa makina akundikodola ndi manja onse awiri. Makalata otsala tiwaona sabata ya mawa, kuphatikizapo ya achimwene a ku Tete omwe alemba masamba anayi za Churchill yekha. Agogo a ku Nkhata Bay, ku England ndi kuno nthawi imangosiyana ola limodzi kapena awiri, ndiye namwino wanu akaweruka usiku uno inu mudzakhala musanagone. Tumani kamnyamata kakatchajitse foni ija pa golosale.