Mita ya kiyi m'nyumba ya anthu asanu

Zikomo a tcheya. Amayi ndi abambo, achimwene ndi achemwali, mwaswera bwanji nonse? Kumbuyoko mukundimva? Chabwino. Anawo asiyeni azisewera, sakundisokoneza.

Andipempha kuti ndilankhulepo za mita ya magetsi ndi gasi, poti October wafika, ndipo chaka chilichonse nyengo ngati ino mafoni amayamba kulira usiku. Ine si injiniya ayi. Ndimasamalira okalamba ngati ambiri a inu. Koma kuno ku Leeds, ku England, ndasamukapo kasanu ndi kawiri, ndipo nyumba zinayi mwa zimenezo zinali za mita ya kiyi, tikukhalamo anthu osadziwana.

Mita yolipiriratu sitinaionere kuno. Ku Ndirande kapena ku Area 25 umagula mayunitsi pa Airtel Money kapena Mpamba, akutumizira manambala 20, ubaya pa mita, magetsi ayaka. Ndiye tikafika kuno n'kupeza kakiyi ka pulasitiki ka magetsi ndi khadi ya gasi, timati aa, izi ndi zathu zomwe zija za ESCOM. Apo ndi pamene timapunthwa.

Chaka changa choyamba, gasi sindinamugwiritse ntchito kuyambira June. Chitofu chinali cha magetsi, shawa ya magetsi, kunja kukutentha. Khadi ndinangoiponya mu kabati. Tsiku lina m'mawa mu October ndikuchokera ku shifiti ya usiku, zala zitauma, ndinadutsa pa shopu ya pakona pamene pali chikwangwani cha PayPoint, pogulira magetsi ndi gasi, ndinaika £20, n'kukagwada pansi pa masitepe pomwe panali mita. Kulowetsa khadi, ndalama yambiri inamezedwa ndikuona. Ndinayamba kukalipira anzanga kuti alipo amene amayatsa boyila mobisa. Panalibe. Chinali chimene amachitcha standing charge, ndalama imene amakudula tsiku lililonse chifukwa chongoti nyumbayo yalumikizidwa, kaya wayatsa kaya sunayatse. Ya gasi imakhala cha m'ma 30p pa tsiku, ya magetsi imaposa 50p m'madera ambiri. Werengani nokha: 30p masiku 120 ndi £36. Mita imangolemba mwakachetechete ngati wa pa golosale, n'kudikira tsiku lomwe udzabwere ndi ndalama. Choncho ngakhale mu July muziikako kenakake pa gasi.

Chinanso chosiyana n'chakuti kwathu wogulitsa magetsi ndi mmodzi, ukakwiya naye umangokwiya basi. Kuno alipo ambiri: British Gas, Octopus, EDF, E.ON Next, OVO, Scottish Power, Utilita ndi ena. Mawaya a mumsewu kuno ku Leeds ndi a Northern Powergrid, mapaipi ndi a Northern Gas Networks, ndipo amenewo sasintha. Ukasintha kampani palibe amene amabwera kudzakumba kapena kudzadula waya. Chimasintha ndi amene akulandira ndalama yako.

Tsopano mvetserani pano, makamaka inu amene mwangobwera kumene. Tsiku lolowa m'nyumba, musanamasule n'komwe chikwama, pitani pa mita ndi foni. Jambulani manambala onse amene ikuonetsa, dinani kabatani kaja muone masikirini onse, chifukwa ina mwa iwo imaonetsa ngongole. Kenako imbirani kampaniyo, munene kuti ndine wochita lendi watsopano, ndalowa tsiku lakuti. Kiyi amene mwamupeza pa windo ndi wa munthu amene anachoka. Ngati anasiya ngongole, £10 iliyonse imene mukuika akudulapo kubweza ngongole ya munthu amene simunamuonepo. Ngongoleyo si yanu, ndipo lamulo silikukakamizani kuilipira. Kampani imakupatsani kiyi wanu, nthawi zambiri amakuuzani nambala yokatengera pa shopu yapafupi, ndipo mita imayambira poyera. Ngati mwaika kale ndalama ndi kiyi wakaleyo, sungani malisiti, amabweza. Mtsikana wina amene ndinkagwira naye ntchito anakhala miyezi isanu akudabwa kuti bwanji magetsi a m'nyumba mwawo sachedwa kutha. Anali kulipira ngongole ya mwini kiyi. Safunsa anadya phula.

Mukapanda kudziwa kuti kampani yake ndi iti, ya gasi mumaipeza pa intaneti pa Find My Supplier, ya magetsi mumafunsa a Northern Powergrid.

Tibwere ku funso limene andifunsa kwambiri: kodi ife a lendi tingasinthe kampani, kapena ndi za alandilodi? Yankho lake lili pa amene amalipira kampaniyo. Ngati ndinu amene mumapita pa shopu kapena pa foni kukagula, akaunti ili m'dzina la mmodzi wa inu, ufulu wosintha ndi wanu. Amatero a Ofgem, bungwe loyang'anira za magetsi ndi gasi ku England, Scotland ndi Wales, monga MERA kwathu. Pepala la lendi nthawi zina limatchula kampani imene alandilodi amakonda, mwinanso limati mukamatuluka mubwezere momwe munapezera. Liwerengeni, muwadziwitse alandilodi mwaulemu, polemba osati pakamwa. Koma sangakuletseni popanda chifukwa chomveka.

Ngati lendi yanu ndi ija yoti mabilu ali momwemo, ndiye kuti kasitomala ndi alandilodi, inu mulibe chonena pa kampani.

Palinso mtundu wachitatu umene umasokoneza anthu, ndipo m'nyumba zathu za zipinda zambiri zimene amati HMO ndi wofala. Chipinda chilichonse chili ndi kamita kake, koma makadi ake kapena manambala mumagula kwa alandilodi. Kamita kameneko si ka kampani, ndi ka alandilodi, ndiye kusintha sikutheka. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti lamulo silimulola landilodi kukugulitsani magetsi pa mtengo woposa umene iye wagulira. Amati maximum resale price. Muli ndi ufulu womufunsa kuti akuonetseni mmene wawerengera. Ndikudziwa, munthu ukakhala pa viza yodalira abwana, ndipo nyumbayo anakupezera ndi abwana omwewo, pakamwa pamalemera. Koma dziwani kuti lamulolo lilipo, ndipo a Citizens Advice, bungwe lopereka malangizo, amathandiza mwaulere.

Eya, bambo kumbuyoko? Akufunsa kuti nanga ngati pa mita pali ngongole yathu yeniyeni. Zimatheka ndithu. Pa mita yolipiriratu mukhoza kusamuka ndi ngongole yosaposa £500 pa magetsi ndi £500 pa gasi. Ngongoleyo sifafanizika ayi, musaombe m'manja, imangokutsatirani ku kampani yatsopanoyo, n'kumadulidwa pang'onopang'ono monga kale. Ndipo ngati akudula zambiri pa sabata moti simukukwanitsa, imbani foni, akuyenera kuona mmene mumapezera n'kuchepetsa.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. M'nyumba muli anthu asanu, koma kampani imadziwa dzina lomwe lili pa akaunti. Ife Amalawi timakhala mwa chibale, wina akati achimwene ikani dzina lanu, ife tizingosonkha, munthu amavomera chifukwa cha manyazi. Pa mita ya kiyi vuto silikula msanga, popeza osaika ndalama magetsi amangozima. Zimavuta anthu akatopa n'kuzimazima n'kunena kuti tiyeni tisinthe, tizilipira pa mwezi ndi direct debit, ndalama zizichoka zokha ku banki. Zabwino ndithu, simudzadzukanso 5 koloko n'kupeza shawa yozizira. Koma pofika February mmodzi wapeza ntchito ku Manchester, wina wapita kumudzi ku maliro osabwerako, wina mwayambana naye za mbale zakuda mu sinki. Bilu ya £600 imabwera m'dzina la ndani? La uja anavomera chifukwa cha manyazi. Kalata za otolera ngongole zimapita kwa iye, ndipo tsiku lomwe adzafune ngongole ya galimoto kapena nyumba yake, mbiri yake yadetsedwa kale. Makampani ambiri amalola kuika mayina oposa limodzi pa akaunti, funsani. Ine maganizo anga, ndipo ena atsutsa, ndi akuti m'nyumba imene anthu amalowa ndi kutuluka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, khalani pa yolipiriratu. Kale inali yodula kuposa direct debit, n'zoona, ndipo osauka ndi amene ankalipira zambiri. Kuyambira July 2023 kusiyana kumeneko anakuchotsa. Ndiye musathamangire kusintha mita poganiza kuti mukuberedwa ngati kale.

Nanga kusintha kampani kumapindulitsa? Ndinene chilungamo: pa mtengo, osati kwambiri. Ofgem amaika malire a mtengo miyezi itatu iliyonse, January, April, July ndi October, ndipo makampani ambiri amangoima pafupi ndi malirewo. Phindu lili pa zina. Kodi ali ndi app yoti ungagule uli pa basi kapena uli kuntchito? Kodi emergency credit yawo, ndalama imene mita imakubwereka yako ikatha, ndi zingati? Kodi maola awo osazimitsa, aja amati friendly hours, amayamba nthawi yanji madzulo, ndipo Loweruka ndi Lamulungu alimo? Kwa ife a mashifiti zimenezi n'zofunika kuposa 1p pa yuniti. Mukhozanso kupempha smart meter, amaika mwaulere, ndipo imabwera ndi kasikirini koika kukhitchini koti aliyense aziona ndalama yatsala. Kumbukirani kuti emergency credit ndi katapila wopanda chiwongoladzanja: mukadzaika ndalama amayamba watenga yake. Amene wadina emergency anene pa gulu la WhatsApp la m'nyumba, kuti wogula mawa asadabwe.

Kasinthidwe kake n'kosavuta. Mwini akaunti ndi amene amalembetsa ku kampani yatsopano, ndipo iwowo ndi amene amauza yakale. Zimatenga masiku asanu ogwira ntchito, ndipo muli ndi masiku 14 oti mukhoza kubweza maganizo popanda chilango. Sabata imeneyo musaike ndalama zambiri, ikani zongokwanira, ndipo tsiku losinthalo jambulani zomwe zatsala pa mita kuti pobweza pasakhale mkangano. Kiyi watsopano akafika, wakaleyo mubiseni kutali. Ndinaonapo nyumba ina mmene mnyamata wina sanauzidwe, anapitiriza kugula ndi kiyi wakale amene ankasunga m'thumba la jekete, ndalama n'kumapita ku kampani yomwe anachokako. Kuilondola ndalama imeneyo kunatenga milungu. Ndiye musasinthe mobisa chifukwa choti dzina ndi lanu. Khalani pansi nonse, ngakhale mphindi khumi pa khitchini.

Ndi pa khitchini pomwepo pamene muyenera kukambirana za hita. Hehe, ndaona ena mwayang'anana. Kahita kaja ka mphepo kamene timagula n'kubisa kuseri kwa bedi ndi ka 2 kilowatt. Yuniti imodzi ya magetsi ili cha m'ma 25p, ndiye kakayaka ola limodzi ndi 50p. Usiku wonse wa maola asanu ndi atatu ndi £4. Pa sabata £28, munthu mmodzi, pamene aliyense akusonkha £10. Gasi pa yuniti ndi wotchipa kwambiri kuposa magetsi, moti kuyatsa boyila maola angapo nyumba yonse ifunde kumaposa aliyense kudzitsekera ndi kahita kake. M'nyumba mwathu tinkachita chonchi: aliyense £15 Lachisanu, kope limakhala pamwamba pa filiji, wogula amamata lisiti. Wa hita ankawonjezera £10, ndipo sanatsutse, chifukwa kasikirini kaja kankamuulula kakangodumpha iye akatseka chitseko.

Mayi apa akuti nanga ndalama ikatheratu, mwana ali m'nyumba. Mayi, musakhale mumdima chifukwa cha manyazi. Imbirani kampani tsiku lomwelo, munene kuti muli ndi khanda, kapena wodwala, kapena wokalamba. Ali ndi ngongole yapadera imene amapereka kwa anthu otero, additional support credit, ndipo muwauze akulembeni pa Priority Services Register, mndandanda wa anthu ofunika thandizo lapadera, n'zaulere. A Citizens Advice ndi ma food bank ena amathandizanso kupeza mavocha ogulira magetsi. Ndipo kuyambira kumapeto kwa 2023, pambuyo poti nyuzipepala inaulula kuti otolera ngongole ankathyola zitseko za anthu ovutika n'kuika mamita amenewa mokakamiza, malamulo anakhwima: sangakakamize mita yolipiriratu m'nyumba imene muli mwana wosakwana zaka ziwiri, kapena wa zaka zoposa 75 wopanda womuthandiza. Mukadandaula ku kampani n'kupita masabata asanu ndi atatu osathandizidwa, nkhani mumaitengera kwa Energy Ombudsman, ofesi yoweruza madandaulo oterewa.

Chimodzi chokha ndikupempheni. Akabwera wina kunena kuti ndikudziwa munthu wokonza mita kuti isamadye ndalama, mukaneni. Ndi mlandu wakuba, ukhoza kukuwonongerani mapepala, ndipo paipi ya gasi yoseweretsedwa imaphulitsa nyumba yonse ndi aneba omwe. Mukamva fungo la gasi tsegulani mawindo, musayatse siwichi iliyonse, tulukani, imbani 0800 111 999. Magetsi akazima msewu wonse imbani 105, koma yambani mwasuzumira pa windo, chifukwa ngati kwa aneba kukuwala, vuto lili pansi pa masitepe anu.

A tcheya akundikodola kuti nsima ikuzizira. Amene mwabwera ndi zithunzi za mita pa foni, ndikhala pa tebulo lapafupi ndi chitsekolo, tizionera limodzi. Achimwene a jekete yofiira, inu muyambe, chifukwa zomwe munandionetsa panja zija ndi ngongole ya munthu wina.