Tolani mwala umodzi lero

Mwadzuka bwanji abale anga. Tisaleme pakuchita zabwino, Agalatiya 6:9, vesi lomwe lija timaliloweza ku Sande sukulu. Koma kunena zoona ine sabata ino ndinalema, Lachitatu mwana wanga woyamba anandidula foni ndisanamalize kuyankhula, ndinakhala pa mkeka foni ili m'manja mpaka nsima inazizira m'mbale, mumtima ndikuti basi mpanda uwu wagwa ugwe.

Ndiye usiku ndinakumbukira za Saqqara ku Iguputo, manda akale a mafumu, komwe kuli piramidi ya mfumu Djoser ya masitepe 6 yomwe anamanga mmisiri wake Imhotep zaka zoposa 4,600 zapitazo. Mu 1926 kunafika mnyamata wa ku France, Jean-Philippe Lauer, ali ndi zaka 24 zokha, kudzathandiza Cecil Firth yemwe ankakumba pamenepo. Mpanda wozungulira piramidi ija anaupeza utagwa, miyala ili mbwee mumchenga ina yosweka ina yokwiririka. Iye anayamba kutola. Kutola mwala, kuupukuta mchenga, kuutembenuza uku ndi uku mpaka aone pamene unachoka, kuubwezera. Mawa winanso. Bambo ameneyu anakalambira pa ntchito yomweyo zaka zoposa 70, anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 99, ndipo khomo lomwe alendo amalowera lero ndi lomwe iye anaimikanso.

Inu ndi ine mwala umodzi ukangotiterereka timataya dengu lonse. Ayi abale, tisaleme. Mayi inu amene mwasiya kupempherera amuna anu, tolani. Achimwene amene simuyankhulana ndi mlongo wanu kuyambira pa maliro paja, mwala uli pamapazi anu pomwepo, weramani.

Chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti mpanda umenewu uli ndi makomo 14 onamizira, osemedwa pamwala koma osatseguka, lenileni ndi limodzi lokha. Ine kwa mwana wanga ndakhala ndikugogoda pa onamizirawo, kukalipa, kumukumbutsa fizi yomwe ndinavutikira, kumutumira amalume ake, ndipo palibe lomwe linatseguka. Ambuye andikhululukire.

M'mawa uno ndisanasonkhe moto ndamulembera kauthenga, mawu ochepa, wadzuka bwanji mwana wanga. Sanayankhe, timizere tija tangosanduka buluu. Madzulo ndimulemberanso. Mundikumbukire m'mapemphero anu.