Makalata a Omvera: Bwato la Eni, Zipinda Zinayi ndi Ndalama za pa WhatsApp

Takulandirani nonse amene mwatsegula wailesi madzulo ano. Sabata ziwiri zapitazo tinacheza za mabizinesi ang'onoang'ono okopa alendo, ndipo chichezereni nkhani imeneyi makalata akungobwera. Ndasankhapo anayi. Monga mwa mwambo wathu, mayina sindiwerenga, ndingotchula kumene kalata yachokera.

Yoyamba yachokera ku Chembe, ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi.

"Zikomo bambo muulutsi. Ndine mnyamata wa zaka 27. Kwa zaka zisanu ndakhala ndikuperekeza alendo panyanja, kuwatengera ku chilumba cha Thumbi kukaona nsomba za mbuna, kuponyera nkhwazi nsomba ndi kuwawotchera kampango. Vuto ndi loti bwato si langa. Ndimabwereka kwa mkulu wina, ndipo ndikachotsa ya bwato ndi ya petulo, yotsala imangokwana ndiwo. Ndinapita ku banki ina kukapempha ngongole yogulira bwato ndi injini. Anandifunsa chikole, sitetimenti ya miyezi sikisi ndi pepala losonyeza kuti bizinesi inalembetsedwa. Zonsezi ndilibe. Boma likamati zokopa alendo ndi nsanamira ya chuma, ife a kunyanja tikagogode khomo liti?"

Achimwene, ndiyamba ndi kukukhumudwitsani pang'ono. A bankiwo sanakulakwireni. Inu mukudziwa kuti ntchito yanu ili ndi phindu chifukwa ndalama mumazigwira m'manja, koma iwo sanakwerepo bwato limenelo. Chimene iwo amaona ndi pepala, ndipo pa zaka zisanu zonsezi palibe ngakhale tsiku limodzi lomwe linalembedwa. Kwa wobwereketsa ndalama, inu muli ngati munthu amene wayamba dzulo.

Ndiye mawa m'mawa mukagule kope wamba la ana asukulu. Ulendo uliwonse muzilemba tsiku, alendo angati, alipira zingati, petulo wa zingati, ya mwini bwato zingati. Tsiku lomwe simunapeze mlendo lembaninso kuti lero zii. Ndalama zomwe mwalandira zizidutsa kaye mu akaunti kapena pa Airtel Money kapena Mpamba musanazidye, ngakhale muzitapenso tsiku lomwelo, chifukwa sitetimenti imene anakufunsaniyo imabadwa choncho. Kulembetsa dzina la bizinesi ku boma kumatheka pa intaneti masiku ano, ndipo mukatero mukatenge nambala ya msonkho, TPIN, ku MRA. Ambiri amaopa kuti akalembetsa ndiye kuti adziitanira okhometsa msonkho. Msonkho ulipodi, sindikubisirani, koma popanda mapepala amenewa makomo ambiri a ngongole ndi a thandizo satseguka.

Kope limenelo lidzakuuzaninso chinthu china chomwe mukuchidziwa kale koma simunachiwerengere: ntchito ya kunyanja ili ndi nyengo. Alendo amachuluka mvula ikatha, kuyambira cha mu Meyi mpaka Okutobala, ndiponso pa Khirisimasi. Pakati pomwepo pali masiku a mwera, mu Juni ndi Julayi, pamene bwato limagona pamchenga. Januwale ndi Febuluwale mumawadziwa nokha. Koma ngongole sidziwa mwera, mwezi ukatha imafuna yake. M'zaka za 2024 ndi 2025 chiwongoladzanja chomwe Reserve Bank imayika ngati muyezo chinali pa 26 peresenti, ndipo mabanki amawonjezera chawo pamwamba. Injini nayo imachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zinthu zotere inalumpha. Choncho musanasaine chilichonse, tengani mwezi woipitsitsa m'kope lanu, muone ngati ungabweze gawo la mwezi umodzi. Ngati sungathe, pemphani ndondomeko yobweza zambiri nthawi ya alendo ndi zochepa nthawi ya dzinja. Akakana, bwererani kunyumba.

Za chikole, musaganize kuti ndi nyumba kapena malo okha. Kuyambira 2013 tili ndi lamulo lolola katundu wosunthika, monga galimoto, makina kapena injini, kulembetsedwa ngati chikole. Si onse obwereketsa amene amavomera, koma funsani ngati bwato ndi injini zomwe mukufuna kugulazo sizingakhale chikole pazokha.

Makomo oti mugogode alipo. A SMEDCO, omwe kale ankatchedwa SMEDI, ndi bungwe la boma lomwe ntchito yake ndi kuphunzitsa ndi kulangiza a mabizinesi ang'onoang'ono, kuphatikizapo kulemba pulani ya bizinesi. Pali thumba la boma la ngongole lomwe tinkalitcha MEDF, kenako NEEF, lomwe limabwereketsanso magulu. Palinso ma SACCO, omwe ambiri ali pansi pa MUSCCO, kumene mumayamba mwasunga kenako n'kubwereka molingana ndi zomwe mwasunga. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi anzanga a pagombe pomwepo. Mutu umodzi susenza denga. Anyamata anayi osonkherana, ogawana masiku, angagule injini imodzi msanga kuposa aliyense payekha, bola mulembe pangano lomveka bwino loti ikawonongeka akonzetsa ndani. Maubwenzi ambiri athera pa injini yofa.

Pitaninso kwa eni maloji amene amakutumizirani alendo, muwapemphe kalata yonena kuti mwagwira nawo ntchito kwa zaka zakuti ndipo apitiriza kukutumizirani anthu. Kalata yotere imalemera pamaso pa wobwereketsa kuposa mawu anu okoma. Pa bajeti yanu musaiwale majekete opulumutsira anthu pamadzi ndi kuyezetsa bwato ku dipatimenti ya zapamadzi. Thumbi ili m'paki ya Lake Malawi National Park, yomwe bungwe la United Nations la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984, ndiye dziwanani bwino ndi a ofesi ya paki. Koma kwa akatapila, chonde, musapondeko.

Kalata yachiwiri yachokera ku Likhubula, ku Mulanje.

"Ndine mayi wamasiye, ndinapuma ntchito ya uphunzitsi. Ndi ndalama za penshoni ndinamanga zipinda zinayi zogona alendo kufupi ndi njira yokwerera phiri. Zimadzaza nthawi ya mpikisano wothamanga m'phiri wa Porters Race, miyezi ina zimangokhala zokhoma. Mwana wanga akuti ndibwereke ndalama ndiwonjezere zipinda zinayi kuti malo azioneka aakulu. Ine mtima ukukana. Choko ndimachidziwa, koma za alendo palibe anandiphunzitsapo. Ndingapeze kuti munthu wondigwira dzanja?"

Mayi, mverani mtima wanuwo. Zipinda zinayi zikukhala zokhoma, ndiye zisanu ndi zitatu adzagonamo ndani? Mwana wanu akufunirani zabwino, koma ngongole ikadzavuta penshoni yopita ndi yanu.

Aphunzitsi anu oyamba mumawaona tsiku lililonse akudutsa pakhomo panu ndi zikwama kumsana. Ndikunena anyamata operekeza alendo ndi onyamula katundu m'phirimo. Iwowa amayenda ndi mlendo masiku awiri kapena atatu, kugona naye ku Chambe kapena ku Chisepo, kumufikitsa pa Sapitwa, mamita 3,002, n'kutsika naye miyendo ikunjenjemera. Amamva madandaulo ake onse. Aitaneni tsiku lina, muwaphikire tiyi, muwafunse kuti mlendo akamatsika amalakalaka chiyani. Ndikukhulupirira adzatchula madzi otentha osamba, poyanika nsapato ndi zovala, malo okhoma osungira katundu amene sakwera naye, ndi kadzutsa wa mbandakucha tsiku lokwera. Palibe chimodzi mwa izi chofuna ngongole. Ndipo anyamata omwewo ndi amene mlendo amawafunsa kuti ndikagone kuti, ndiye gwirizanani nawo poyera za kangachepe kawo akakubweretserani munthu.

Ine ndinagonapo pa resitihausi ina, sinditchula boma, pomwe panja panali maluwa ndi chikwangwani chokongola, koma sopo anamudula panayi ndipo chopukutira chinali chonyowa. Sindinabwererekonso, ndipo aliyense wondifunsa ndimamulozera kwina.

Za maphunziro enieni, ku Blantyre kuli Malawi Institute of Tourism, komwe amaphunzitsa zophika, zosamalira zipinda ndi zolandira alendo, ndipo ku Mzuzu University kuli gawo lonse la maphunziro a zokopa alendo. Ophunzira a m'masukulu otere amasowa malo okayeserera ntchito. Lemberani kalata, mupemphe mmodzi adzakhale nanu miyezi ingapo. Inu munali mphunzitsi, mudziwa kumufunsa mafunso oyenera. Ngati malo anu alibe laisensi ya boma ya zokopa alendo, kaitengeni, ndipo oyendera akabwera musawaone ngati adani. Yendani nawo chipinda ndi chipinda, kope m'manja. Funsaninso za umembala ku Malawi Tourism Council, komwe kumakumana eni mabizinesi otere, ndipo ngati thumba lilola, kafikeni ku chionetsero cha Takulandirani ku Lilongwe, osati kukagulitsa, koma kukamvetsera ndi kukatenga manambala a anthu.

Mlangizi weniweni, amene mungamuimbire foni usiku mpope ukaphulika, mukamupeza pakati pa anzanu a ntchito yomweyo, koma a dera lina. Wa ku Zomba kapena wa ku Dedza sakuopani kuti mumulanda alendo. Mupempheni mukakhale pamalo pake sabata imodzi, mukuyala mabedi ndi kuona momwe amawerengera mtengo wa chipinda. Safunsa anadya phula, mayi.

Musamangodikira azungu. Masukulu amabwera kudzaona Dziwe la Nkhalamba, magulu a mipingo amakwera phiri, achinyamata a ku Blantyre amabwera Loweruka. Mdzukulu akuikireni malowo pa Google Maps, ndi zithunzi zoona ndi nambala yomwe imayankhidwa. Mu Julayi 2025 phiri la Mulanje linalowa nalo m'kaundula wa UNESCO, ndiye ofufuza dzina lake pa intaneti awonjezeka. Akafufuza akupezeni.

Yachitatu yachokera ku Joni.

"Ndakhala ku Johannesburg zaka zisanu ndi zinayi, ndikugwira ntchito m'lesitilanti. Ndinayamba ndi kutsuka mbale, pano ndimayang'anira operekera zakudya. Ndinagula malo kwa amfumu kufupi ndi nyanja ku Salima ndipo mng'ono wanga wayamba kuumba njerwa. Pa WhatsApp ndalandira uthenga woti kuli thandizo la madola la a zokopa alendo, losabweza, koma ndiyambe ndatumiza ndalama ya fomu pa nambala ya foni. Nditumize?"

Ayi, bambo, musatumize ngakhale tambala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bungwe lopereka thandizo lenileni silitolera ndalama ya fomu pa nambala ya munthu, ndipo silikusakani pa WhatsApp.

Thandizo losabweza lilipo, koma ndi lochepa ndipo olimbirana ndi ambiri. Chitsanzo ndi Tony Elumelu Foundation ya ku Nigeria, yomwe kuyambira 2015 imasankha a mabizinesi a m'maiko onse a mu Africa, kuwaphunzitsa, kuwapatsa alangizi ndi mpamba wa madola 5,000. Kulembetsa kumatsegulidwa kumayambiriro a chaka, pa intaneti, ndipo n'kwaulere. Ndalama zina zikuluzikulu zomwe mumamva pa nkhani si zogawa. Pulojekiti ya FInES, ya madola 86 miliyoni ochokera ku World Bank, yomwe inavomerezedwa mu 2020, inadutsa ku Reserve Bank kupita ku mabanki ndi mabungwe obwereketsa, ndipo kwa wabizinesi inafika ngati ngongole. Ngakhale opereka thandizo ambiri amafuna muikepo gawo lanu ndi kuonetsa kuti bizinesi ikuyenda kale. Njerwa zosawotcha saziwerengera.

Koma chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi malowo. Mwati munagula kwa amfumu. Pepala lake ndi lotani? Musanathire simenti, mng'ono wanu apite ku ofesi ya zamalo ku khonsolo ya Salima akafunse za lizi ndi za chilolezo chomangira, komanso ngati ntchitoyo ikufuna kuunikidwa ndi a zachilengedwe a MEPA. Afunsenso akuluakulu a m'mudzimo pamene madzi anafika mu 2024. Chaka chimenecho nyanja inakwera kwambiri, ndipo maloji ambiri a m'mphepete, ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, analowa madzi mpaka m'zipinda. Pomwe madzi anafika, mangani kumtunda kwake.

Komanso musadzipeputse. Zaka zisanu ndi zinayi za m'lesitilanti ndi zomwe mayi a ku Likhubula aja akusowa: kuwerengera mtengo wa mbale imodzi, kuphunzitsa wantchito kulandira munthu, kusunga sitoko kuti isabedwe. Ngati nonse awiri mungalole, tiuzeni, tikulumikizani ife kuno, osati pa mphepo.

Yomaliza ndi yaifupi, yochokera ku Dedza. Mtsikana amene anamaliza Fomu 4 akuti amaperekeza alendo kukaona zojambula zakale za pamiyala ku Mphunzi, ndipo akufunsa kuti pamafunika mpamba wochuluka bwanji kuti ikhale ntchito yeniyeni.

Achemwali, mpamba wanu ndi nsapato zolimba, foni ya mayunitsi ndi zomwe zili m'mutu. Ku Chongoni, dera lomwe muli Mphunzi, kuli malo 127 a zojambulazi, ndipo analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Dziwani kusiyanitsa zofiira, zomwe anajambula Akafula, ndi zoyera za makolo athu Achewa, ndipo mufunse akuluakulu zomwe zili zololedwa kufotokozera mlendo, poti zina zimakhudza chinamwali ndi gule. Kadzionetseni kwa a dipatimenti yoyang'anira malo a mbiri yakale kuti akudziweni, kachezeni ku malo osungira chikhalidwe a Kungoni ku Mua, ndipo mufunse ku TEVETA za maphunziro a operekeza alendo. Nanunso kagulani kope ngati la achimwene a ku Chembe aja.

Nthawi yatithera. Pali kalata ya bambo wina wa ku Nkhata Bay amene akukangana ndi mlamu wake pa za phindu la loji yomwe anamanga limodzi popanda pangano lolemba. Imeneyo ndi yaitali, tidzayamba nayo sabata ya mawa. Tsalani bwino.